Anthu wamba akamagamula mlandu wa kupha: mafunso ndi mayankho pa za jury kuchigwa cha Shire

Mwana amene anabadwira ku Nchalo kapena ku Bangula chaka cha 2000 chitadutsa, akamva za jury amaganiza za mafilimu a ku America. Komatu makolo ake anaiona m'dziko lomwe lino: aphunzitsi, alimi ndi amalonda atakhala m'mizere m'khoti, akumvetsera mlandu wa kupha munthu, ndipo pamapeto pake iwowo ndiwo ankanena ngati wozengedwayo ndi wolakwa kapena ayi. Lamulo lake silinafafanizidwe. Likadali m'buku, kungoti linagonekedwa.

Kodi jury n'chiyani, ndipo ntchito yake m'khoti ndi yotani?

Ndi gulu la anthu wamba, osaphunzira zamalamulo, amene khoti limawaitana kuti amve mlandu umodzi kuyambira poyamba mpaka pothera, kenako ayankhe funso limodzi: kodi boma latsimikiza kuti munthu uyu anachitadi zimene akumunenerazi?

Ntchito imagawidwa pawiri. Za malamulo mwini wake ndi jaji. Iye ndiye amanena umboni woyenera kumvedwa ndi wosayenera, amadzudzula loya akafunsa funso lopotoka, ndiponso amafotokoza zimene lamulo limatcha kupha. Za zimene zinachitika eni ake ndi a jury: mboni iti ikunena zoona, iti ikunama, iti yangosokonezeka chifukwa papita nthawi. Jaji ngakhale atakhulupirira mumtima mwake kuti munthuyo anapha, sangawalamule kuti anene choncho.

Chilango si chawo. Akanena mawu awo ntchito yawo yatha, chotsala n'cha jaji. Koma mpaka chaka cha 2007 mawu amenewo anali olemera koopsa, chifukwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha mwadala ankalamulidwa kunyongedwa, jaji analibe chosankha. Mlandu wa Kafantayeni, umene Khoti Lalikulu linagamula mu Epulo 2007, ndiwo unathetsa chikakamizo chimenecho. Choncho mlimi amene anakhala pa jury mu 1999 ankadziwa bwino lomwe kuti mawu ake akutumiza munthu kukayembekezera chingwe ku Zomba, ngakhale kuti dziko lino linanyonga munthu komaliza mu 1992.

Zinabwera bwanji kuno?

Gawo 294 la lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code limati milandu ya upandu ku Khoti Lalikulu izizengedwa ndi jury, pokhapokha nduna italamula kuti mlandu wina kapena mtundu wina wa milandu uzengedwe popanda jury. Koma kwa zaka zambiri za ulamuliro wa chipani chimodzi milandu ikuluikulu sinkafika n'komwe ku Khoti Lalikulu. Anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, boma la Dr Banda linakwiya ndi momwe makhoti ankamasulira oganiziridwa. Mu 1969 lamulo linasinthidwa, ndipo milandu ya kupha, kenako ya kuukira boma, inapita ku makhoti a m'zigawo otchedwa Traditional Court. Ambiri mwa oweruza kumeneko anali mafumu, ndipo wozengedwa sankaloledwa kukhala ndi loya. A Albert Muwalo anadutsa kumeneko nanyongedwa mu 1977. A Orton ndi mayi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Kuchigwa kuno sitifunika kukumbutsidwa: a Gwanda Chakuamba a ku Nsanje anamangidwa mu 1980 pa mlandu wodzutsa mitima ya anthu kuti aukire boma, anapatsidwa zaka 22, ndipo anatuluka mu 1993.

Makhoti amenewa anaimitsidwa mu 1993, ndipo anatheratu pamene malamulo aakulu a 1994 anabwera. Milandu ya kupha inabwerera ku Khoti Lalikulu, ndipo jury ndiyo inali njira yoti mawu a anthu wamba asatuluke m'bwalo pamodzi ndi mafumu aja. Poyamba ankakhala anthu 7, kenako anakhala 12, kawirikawiri ochokera m'boma la kwawo kwa wozengedwa mlandu.

Wozengedwa angakane munthu amene wasankhidwa?

Inde. Mayina amaitanidwa m'khoti iye akumva, ndipo mbali zonse ziwiri zingathe kukana munthu amene zikuona kuti akondera: mlamu wa malemu, mnzake wa mboni, munthu amene analimbirana munda ndi banja la wozengedwa. Otsalawo amalumbira kuti aweruza motsata umboni umene amva m'khoti, osati zimene anamva pachigayo.

Asanapite kukakambirana, jaji amawauza chiyani?

Mboni zonse zikatha, maloya a mbali ziwiri akalankhula komaliza, jaji amatembenukira kwa a jury n'kuwombera mkota mlandu wonse. Apa ndi pamene pamagona mlandu. Amawakumbutsa kuti wozengedwa ndi wosalakwa mpaka boma litatsimikiza, monga gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino linenera. Amawauza kuti katundu wotsimikiza ali pamutu pa boma, wozengedwa alibe udindo wosonyeza kuti sanalakwe. Amawafotokozera kusiyana kwa kupha mwadala, kumene kuli pa gawo 209 la Penal Code, ndi kupha kopanda cholinga chotere, kumene kuli pa gawo 208. Amawauza zimene lamulo limanena pa kudziteteza ndi pa munthu amene waputidwa mpaka mutu kuima. Amawachenjezanso pa umboni woterera: wa munthu amene akuti anazindikira nkhope usiku, kapena wa mnzake wa wozengedwa amene akufuna kudzipulumutsa.

Jaji akaphonya apa, chigamulo chingagwe pa apilo. A jury sapereka zifukwa, choncho woti achite apilo alibe pogwira pena kupatula mawu a jaji amenewa ndi umboni umene unaloledwa kapena kukanidwa.

Nanga m'chipinda chokambiranamo mumachitika chiyani?

Chitseko chimatsekedwa, wa khoti amaima panja. Mulibe jaji, mulibe loya, mulibe wapolisi. Amakhala ndi wapampando, mmodzi mwa iwo omwe, amene mawu ake salemera kuposa a anzake, ntchito yake ndi kuona kuti aliyense walankhula. Akakakamira pa nkhani ya lamulo amatumiza funso kwa jaji, ndipo jaji amayankha m'khoti, wozengedwa ndi maloya onse alipo. Palibe kunong'onezana kuseri.

Tiyerekeze mlandu wotere. Usiku wina kudera la Ngabu, mwini khola wamva ng'ombe zikusokosera, watuluka ndi chikwanje. Kutacha, mnyamata wapezeka atafa m'munda wa mapira, kataliko ndithu ndi khola. Boma likuti mwini khola anamuthamangitsa n'kumutema mwadala. Iye akuti mnyamatayo anamulumphira ndi mpeni pakhomo pa khola, ndipo anangodziteteza. Patebulo pali chikwanje chomata kapepala ka polisi, lipoti la wachipatala lonena za mabala awiri, limodzi pamkono lina kumsana, ndi sitetimenti yolembedwa m'Chingerezi, pansi pake pali chidindo cha chala cha munthu amene amalankhula Chisena chokha.

Mphunzitsi wa m'gululo ayamba ndi bala la kumsana: munthu amene akukulumphira sumutema kumsana, ndiye kuti ankathawa. Mayi wogulitsa nsomba afunsa za mboni ija inati inaona zonse ndi tochi: anaima pati, nanga mapira ataliatali aja sanamutchinge? Mlimi amene anaberedwapo ng'ombe anena kuti wakuba sayenda yekha, ndipo munthu ali yekha mumdima sawerenga mabala. Wina amukumbutsa kuti zimenezo n'za kwake, sizinanenedwe m'khoti, ndipo palibe mboni inatchula anthu ena. Afika pa sitetimenti. Wapolisi anati anamuwerengera wozengedwa m'chilankhulo chake asanadinde, wozengedwa anati anangogwidwa chala. Akhulupirira ndani, ndipo chifukwa chiyani? Mpeni uja sunapezeke. Kodi kunalibe, kapena wina anautola kusanache, anthu atadzaza m'mundamo apolisi asanafike?

Mukuona kuti sakuvota pa funso loti mnyamatayo anali wakuba kapena ayi, ngakhalenso loti mwini khola ndi munthu wabwino. Akuyesa nkhani ziwiri pa zidutswa za umboni, kuona imene ikugwirizana nazo zonse. Ndipo njira zotulukira zilipo zitatu: wolakwa pa kupha mwadala, wolakwa pa kupha kopanda cholinga, kapena wosalakwa.

Magulu ena amayamba ndi kukweza manja kuti adziwe pamene aima, ena amayamba ndi kudutsa mu umboni wonse n'kuvota pambuyo. Ine ndimaona kuti njira yachiwiri ndiyo yabwino, chifukwa munthu akakweza dzanja pamaso pa anzake zimamuvuta kulitsitsa. Akatswiri awiri a ku Chicago, Harry Kalven ndi Hans Zeisel, anafufuza milandu yoposa 3,000 nafalitsa zotsatira zake mu 1966. Anapeza kuti mbali imene ili ndi anthu ambiri pa voti yoyamba ndiyo imapambana pafupifupi nthawi zonse. Anapezanso kuti pa milandu pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse, jaji akanagamula chimodzimodzi ndi jury, ndipo pamene ankasiyana, jury ndiyo inkapendekera kwambiri ku kumasula.

Ayenera kutsimikiza mpaka pati asananene kuti wolakwa?

Mpaka pamene kukayika kwanzeru kwatha. Sikuti kukayika kulikonse kumene munthu angapeke, ngati kunena kuti mwina chikwanje chinauluka chokha. Ndi kukayika kumene ungathe kukufotokoza kwa mnzako, n'kuloza umboni umene ukukubweretsa. Pa mlandu wa khola uja, ngati a jury akuona kuti mwina ndithu mnyamatayo anali ndi mpeni ndipo boma silinathe kuchotsa "mwina" ameneyu, sayenera kunena kuti mwini khola anapha mwadala, ngakhale ambiri a iwo akumuganizira. Kuganizira si kutsimikiza. Mawu akuti "wosalakwa" m'khoti satanthauza kuti munthuyo ndi woyera. Amatanthauza kuti boma lalephera kufika pa muyeso.

Akalephera kugwirizana zimatha bwanji?

Maiko amasiyana. Ku America, kuyambira pa chigamulo cha Ramos v. Louisiana cha 2020, munthu sangapezeke wolakwa pa mlandu waukulu pokhapokha onse atagwirizana. Ku England, kuyambira 1967, jaji angalandire chigamulo cha anthu 10 mwa 12, koma atakambirana kaye maola osachepera awiri.  Chiwerengero chofunika chikapanda kukwana, jaji amawamasula a jury, ndipo boma lingayambitsenso mlanduwo ndi anthu ena.

Chimene sichiloledwa ndi kuwakakamiza. Mu 1670 ku London, a jury anakana kupeza William Penn ndi William Mead olakwa pa mlandu wolalikira pamsewu. Oweruza anawatsekera opanda chakudya, kenako anawalipiritsa chindapusa. Mmodzi wa iwo, Edward Bushel, anakana kulipira nakhala m'ndende mpaka khoti lina linagamula kuti wa jury sangalangidwe chifukwa cha chigamulo chake. Ufulu umenewo ndiwo msana wa dongosolo lonseli.

Akagwirizana amabwerera m'khoti. Kalaliki amafunsa, wapampando amaima n'kuyankha mawu ochepa chabe, wozengedwa ataimirira. Zimene zinanenedwa m'chipinda muja zimatsala momwemo.

Pali mlandu wa jury umene unakhudza anthu a kuchigwa kuno mwachindunji?

Ulipo, ndipo ndi waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, anagwidwa pochokera ku nyumba ya malamulo ku Zomba. Mitembo yawo inapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma linalengeza kuti anafa pa ngozi ya galimoto. Kwa zaka 11 anthu a ku Chikwawa ankadziwa chimene ankadziwa, koma pakamwa panali potseka.

Boma litasintha mu 1994, Pulezidenti Bakili Muluzi anakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Jaji Mtegha. Bungwelo linapeza kuti anthuwa anaphedwa ndi apolisi ndipo ngoziyo inali yochita kukonza. Mu Januwale 1995 Dr Banda anatsekeredwa panyumba, a John Tembo anamangidwa, ndipo iwo ndi anzawo ena anazengedwa mlandu wopangana kupha. Mlanduwo unamvedwa ku Khoti Lalikulu ku Blantyre pamaso pa Jaji Mackson Mkandawire ndi jury ya anthu 7. Boma linatsogoleredwa ndi a Kamudoni Nyasulu, ndipo Dr Banda, amene sankabwera kukhoti chifukwa cha ukalamba ndi matenda, anaimiridwa ndi loya wa ku Britain, Clive Stanbrook. Pa 23 Disembala 1995 jury inati onse ndi osalakwa. Boma linachita apilo, likudandaula ndi momwe jaji analangizira jury, koma khoti la Supreme linakana apiloyo mu 1997.

Ambiri anapsa mtima, ndipo ine sindiwadzudzula. Apolisi anaima m'khoti n'kufotokoza momwe anthuwa anaphedwera. Kuti anaphedwa panalibe mtsutso. Funso la jury linali lina: ndani analamula, ndipo umboni wake uli kuti? Unyolo wa malamulowo unkadutsa mwa mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Mac Kamwana, ndi mlembi wamkulu wa boma, a John Ngwiri, ndipo onse awiri anali atamwalira. Chotsala chinali "ndinamva kuti zachokera kumwamba". Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo n'zoona, koma umboni umawola. Patapita zaka 12, anthu 7 aja anapatsidwa unyolo woduka pakati.

Chimene ndimachiona pa mlanduwu n'chakuti boma latsopano linkafunitsitsa kuti anthuwa apezeke olakwa, dziko linali litatopa ndi ulamuliro wakale, koma anthu wamba 7 anatha kunena kuti umboni sunakwane n'kubwerera kwawo. Mu 1983, ku Traditional Court, zotere sizikanatheka. Koma mtengo wake unagwera mabanja anayi, limodzi la ku Chikwawa, amene mpaka lero khoti silinawauze dzina la amene analamula. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake.

Kodi si chimodzimodzi ndi bwalo la amfumu, kumene anthu amathandiza kuweruza?

Zimafanana pa chinthu chimodzi: mlandu suweruzidwa ndi mutu umodzi. Kwa Tengani, kwa Mlolo, kwa Chapananga kapena kwa Makhuwira, mfumu imamva nduna zake ndi akuluakulu isanagamule. Koma pabwalo la mfumu kudziwa anthu ndiye nzeru: amadziwa agogo ake a wodandaula, malire akale a dimba, ndi amene anayamba chipongwe chaka chatha. Pa jury kudziwa kotero ndi chifukwa chokuchotsera. Bwalo la mfumu limafuna kuti anthu apitirize kukhalira limodzi, choncho limatha ndi mbuzi, nkhuku kapena kupepesa. Jury siyanjanitsa, imangoti inde kapena ayi. Ndipo mlandu wa magazi si wa mfumu. Ngakhale majisitireti wa pa boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje sangauzenge, ndi wa Khoti Lalikulu lokha.

Anthu a dera limodzi sangakondere, kapena kutengeka ndi zikhulupiriro?

Angathe, ndipo amene amakonda jury asamabise zimenezi. Lamulo la ufiti la 1911 linaletsa mwavi ndi kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silinachotse mantha m'mitima. Mnyamata akapha agogo ake chifukwa wauzidwa kuti ndiwo analodza mwana wake, pa anthu 12 sipangalephere kukhala ena amene mumtima akuti anachita bwino. Jaji angawauze kuti chikhulupiriro chotere si chilolezo chophera munthu, koma m'chipinda muja iye mulibe.

Ganiziraninso mlandu wa 2016 wa bambo wa ku Nsanje amene anauza BBC kuti ankagwira ntchito ya fisi. Unazengedwa ndi majisitireti pansi pa lamulo la Gender Equality Act, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anapatsidwa miyezi 24. Ukanakhala m'manja mwa anthu 12 a m'midzi imene kulowa kufa kunkachitika, amayi amasiye akanamvedwa mofanana? Mwina inde, chifukwa amayi a pa jury akanadziwa ululu wake kuposa mlendo. Mwina ayi.

Koma kudziwa dera kuli ndi ubwino umene sitiutchula mokwanira. Chilankhulo cha khoti ndi Chingerezi. Mboni ya ku Marka kapena kwa Nyachikadza imalankhula Chisena, womasulira amatembenuza, jaji amalemba zimene womasulira wanena. Pakati pamenepo pamatayika zambiri: mawu aulemu amene akumveka ngati kuzemba, kuweramitsa mutu pamaso pa wamkulu kumene mlendo angakuyese bodza, nthawi yonenedwa ndi dzuwa osati wotchi. Wa jury wa konkuno amamva mboni isanamasuliridwe. Amadziwa kutalika kwa ulendo wa pa bwato, amadziwa mdima wa mwezi ukalowa, amadziwa kuti madzi akasefukira munthu sangafike kupolisi tsiku lomwelo ngakhale atafuna.

Ndiye n'chifukwa chiyani inaimitsidwa?

Ndalama ndi nthawi. Kuti Khoti Lalikulu likhale ku Nsanje, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Blantyre, pamafunika galimoto ndi malo ogona a jaji, makalaliki, oimira boma ndi maloya a wozengedwa, mayendedwe a mboni, kuwonjezapo ndalama za anthu 12 tsiku lililonse. Ndalama zikasowa milandu inkaima, ndipo oganiziridwa ankakhala pa rimandi zaka zambiri osaonana ndi jaji. Chaka cha 2010 chisanafike, unduna wa zachilungamo unagwiritsa ntchito mphamvu ya pa gawo 294 ija n'kuimitsa jury pa milandu ya kupha, ndipo kuyambira pamenepo jaji amamva yekha.

Sitili tokha. South Africa inathetsa jury mu 1969, Zimbabwe mu 1973, ndipo maiko onse awiriwa amagwiritsa ntchito anthu ochepa okhala pambali pa jaji kumuthandiza pa milandu ikuluikulu. India nayo inaisiya pambuyo pa mlandu wotchuka wa Nanavati wa 1959.

Chifukwa chimene boma linapereka si chabodza. Munthu wosalakwa amene wakhala zaka zisanu kundende ya Chichiri akudikira anthu 12 walangidwa kale. Jaji yekha alinso ndi ubwino wina: amalemba zifukwa zake, ndipo zifukwa zolembedwa zingatsutsidwe pa apilo. Chondidandaulitsa n'chakuti chinthu chimene chinaimitsidwa chifukwa cha thumba chakhala chogona zaka zonsezi popanda mtsutso weniweni wa anthu, ngati kuti chinali chokongoletsera chabe.

Anthu akamagwira wakuba n'kumuweruza okha, si jury yomweyo?

Ayi, ndipo apa ndikufuna ndimveke bwino. Kumayambiriro kwa Malichi 2016, anthu 7 anawotchedwa ndi gulu m'boma la Nsanje powaganizira kuti anali ndi mafupa a anthu, mpaka ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inalankhulapo. Palibe amene anawafunsa mbali yawo mwadongosolo, palibe amene anayesa umboni, palibe apilo. Gulu limayamba ndi chigamulo. Jury imakakamizidwa kukhala pansi masiku, kumva mbali imene sikuifuna, kumva mboni yake yokondedwa ikupanikizidwa ndi mafunso, kenako kufotokozera anzake chifukwa chimene ikuganizira choncho.

Sindikunena kuti kuimitsidwa kwa jury ndiko kunabweretsa moto umenewo. Anthu amatchula zifukwa zawo: woganiziridwa amene wagwidwa lero mawa ali pamsika pa belo, mlandu umene sumveka mathero ake, ng'ombe zimene sizibwerera. Koma munthu amene anakhalapo pa jury amabwerera kumudzi akudziwa kuti belo si kumasulidwa, akudziwa chifukwa chimene mboni yosabwera kukhoti imagwetsera mlandu, ndipo anaona ndi maso ake nkhani imene mudzi wonse unkaikhulupirira ikuphwasuka pa mafunso atatu. Anthu otere m'midzi mwathu akutha. Ine ndikanakonda jury itabwerera, ngakhale pa milandu yochepa yokha ya kupha mwadala, khoti likukhala pa boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndi omasulira odziwa Chisena ndi Chimang'anja bwinobwino. Ngati 12 achuluka, tinayamba ndi 7.

Nanga lero m'bale wanga akamangidwa pa mlandu wa kupha, amuweruza ndani, ndipo tiyang'anire chiyani?

Amuweruza jaji wa Khoti Lalikulu, yekha, kaya ku Blantyre kaya khoti likabwera kudzakhala kuno. Muyeso ndi womwe uja: boma litsimikize popanda kukayika kwanzeru. Malamulo aakulu amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Majisitireti amangomuuza mlandu wake n'kuutumiza ku Khoti Lalikulu, ndipo belo pa mlandu wotere imapemphedwa kumeneko. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunaika malire a masiku 90 osunga munthu pa milandu ikuluikulu kuzenga kusanayambe, ndipo boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha khoti. Masiku amenewa muziwawerenga nokha, ndipo akadutsa kauzeni loya.

Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amayenderanso ndende ndipo angamufotokozere m'bale wanuyo za belo. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asadinde pepala limene sanawerengeredwe m'chilankhulo chimene amamva. M'khoti ali ndi ufulu wa womasulira. Lembani mayina a mboni zake ndi kumene zikukhala pakali pano, chifukwa kuchigwa kuno madzi amasamutsa midzi, ndipo mboni ya ku Makhanga chaka chino ingakhale ili ku Bangula kapena kutsidya ku Mozambique mlandu ukamadzayamba. Chigamulo chikaperekedwa, pemphani kope lake lolembedwa msanga, chifukwa nthawi yochitira apilo ku khoti la Supreme ndi yochepa.